Zisanu ndi Ziwiri

Ndimasoka nsapato pakhonde la shopu ku Kamunhu,
pomwe makombi a ku Mabvuku amakhotera,
pomwe fumbi la simenti limagwera chilichonse,
ngakhale mawu.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi,
anafera muno osadziwa kulemba dzina lawo.
Ine sukulu ndinailawa, mpaka giredi faifi.
Chomwe ndimakumbuka si mabuku ayi,
koma fupa la ng'ombe la pachingwe
lomwe ankakuveka m'khosi
lilime likaterereka n'kuyankhula cha kwanu.
Anzanga ankalivala chifukwa cha Chishona.
Ine ndinkavala awiri:
la aphunzitsi m'kalasi,
ndi la anzanga omwewo pabwalo, ndikaiwala n'kunena kuti achimwene.
Lachiwirilo silinkaoneka, koma ndilo linkalemera.
Ndinaphunzira kukhala chete m'zinenero zitatu.

Lachiwiri lapitali Ndaziona anabwera akuthamanga,
sokosi imodzi itatsikira m'kakolo,
chikwama chikumumenya kumsana.
Akuti, Ababa, lero ndaphunzitsa kalasi.

Nkhani yake ndi iyi.
A Mayi Gwatidzo, a ana makumi asanu ndi mphambu
m'chipinda cha mawindo osweka,
a choko chogula ndi ndalama ya m'thumba mwawo,
analemba seveni pabolodi
nafunsa: kunyumba mumati chiyani?
Kalasi yonse inati nomwe.
Wangayu anakweza dzanja, theka lokha,
nati: kwathu timati zisanu ndi ziwiri.

Ena anaseka.
Kamnyamata kena kanati, nambala yanji yaitali ngati njanji?
Koma mayiwo choko chinaima m'malere.
Bwereza.
Zisanu ndi ziwiri.
Nanga eyiti?
Zisanu ndi zitatu.
Anatembenukira kubolodi, nalemba, naika kamtanda pakati,
nauza ana m'Chishona, kenako m'Chingerezi:
taonani, mnzanuyu samu amayenda nayo m'kamwa,
anayamwira kubere
zomwe ife tikulimbana nazo chiyambire Lolemba.

Ndinali ndi msomali pakati pa mano.
Ndinaulavulira m'dzanja.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwerenga choncho,
pokhoma zidendene, pobweza chenji,
monong'ona, kuti kasitomala asamve.
Ndinkayesa ndi umbuli wa makolo
amene zala zinawathera padzanja limodzi.
Palibe anandiuzapo kuti ndi masamu.

Sindikuti Chingerezi achitaye, ayi.
Kalata ya khonsolo yoopseza kutidula madzi
imabwera m'Chingerezi,
pepala la mankhwala a mayi ake chimodzimodzi,
ndipo wondiwerengera ndi iyeyo.
Chishona nacho n'chake,
ndicho amakanganira pamzere wa mjigo,
mwina ndicho amalotera.
Koma funsani ine wosoka:
nsapato ikathina timafutukula chikopa,
sitidula chala.
Sukulu yathu ija inkadula zala,
kenako n'kumadabwa kuti tikutsimphina.

Sikuti zinthu zasintha kwambiri.
Buku la Chichewa kusukuluko mwana sanalionepo.
Mayi mmodzi, funso limodzi, mphindi zochepa
belu lisanalire.
Mawa akhoza kuwasamutsa.
Komabe mwanayo wabwerako khosi lili lopanda kanthu,
ndipo akuti mnyamata wa njanji uja
anamufunsa pobwerera kuti nanga naini mumati bwanji.

Usiku magetsi anazima monga mwa masiku onse.
Anayala kope pabenchi langa, pakati pa zikopa ndi guluu.
Apatsidwa ntchito:
manambala khumi, m'Chingerezi kumanzere,
cha kunyumba kumanja.
Ababa, zinayi timalemba bwanji?
Sindinadziwe.
Chinenero changa ndinachiona cholembedwa kawiri kokha,
m'buku la nyimbo kutchalitchi
ndi pamtanda wa bambo anga, pomwe wopenta analakwitsa.

Tinayesa tonse, iye kulemba, ine kutchula pang'onopang'ono,
zi, na, yi,
ngati ndikulowetsa ulusi pa singano.
Ndinamugwirira tochi ya foni.
Kuwala kunkavina papepala.
Anati, Ababa, gwirani bwino,
mukunjenjemera chiyani?